Kapangidwe ka funde labwino kumbuyo kwa boti la injini

Funde limeneli ndi la masewera a wakeboard, omwe munthu amaima pa thabwa n'kumakokedwa ndi boti pa chingwe, akudumpha pa fundelo. Yambani mwaona kuya kwa madzi. Funde limapangika boti likamakankha madzi pansi ndi m'mbali, ndiye pamalo posaya madziwo amasowa kolowera, funde n'kutuluka lalifupi, lathovu lokhalokha. Pamafunika mamita 4 kapena kuposa. N'chifukwa chake nyanja ya Chilwa, ngakhale ili pakhomo pathu kuno ku Zomba, siyenera masewerawa: ndi yosaya, pulopela imangovundula matope, komanso ku doko la Kachulu kumadzaza mabwato ndi maukonde a asodzi. Bola ku Mangochi, m'mamawa nyanja ikadali bata.

Chimakulitsa funde ndi kulemera kwa boti, osati kulira kwa injini. Ngati mulibe matumba a ballast (matumba odzaza madzi olemeretsera boti), zigubu za malita 20 zimagwira ntchito. Chigubu chodzaza madzi chimalemera makilo 20. Mwa zigubu khumi, ikani zisanu ndi chimodzi kumbuyo, zinayi kutsogolo, n'kuzimanga kuti zisagubuduzike. Mukaunjika zonse kumbuyo, mphuno ya boti imayang'ana kumwamba, woyendetsa saona kutsogolo, ndipo funde limakhala lotsetsereka kwambiri n'kumasweka msanga. Anthu okwera m'boti nawonso ndi katundu, muwawerengere limodzi, ndipo musapyole kulemera kumene kunalembedwa pa boti.

Funde likamachita thovu mbali imodzi, ndiye kuti boti lapendekera mbali inayo. Sunthani munthu mmodzi apite kumbali ya thovuyo, dikirani pang'ono muone. Osasuntha anthu atatu nthawi imodzi.

Wokwera wakeboard amafuna liwiro la makilomita 29 mpaka 37 pa ola; wophunzira muyambe naye pa 25. Mukachedwetsa kwambiri funde limafewa n'kugumuka, mukathamangitsa limaphwa n'kuuma. Yang'anani liwiro pa GPS ya foni ndipo dzanja lisamasewere pa throttle (chogwirira choonjezera kapena kuchepetsa moto wa injini), chifukwa liwiro losinthasintha ndi lomwe limagwetsa anthu. Wa ski, yemwe amakokedwa ataponda timatabwa tating'ono totalika, ndi wosiyana: iye amafuna funde laling'ono, choncho tsitsani zigubu zonse.

Ponyamuka, injini ikhale yotsitsidwa m'madzi mpaka pansi. Boti likagona bwino pamadzi, ikwezeni pang'onopang'ono, funde liziphuka. Mphuno ikayamba kudumphadumpha, kapena injini ikalira mokweza koma boti osakoka, mwapyola, ndipo pulopela ikumeza mpweya. Bwezani.

Chingwe chokokera wokwera chikhale cha mamita 18 mpaka 23, chosatamuka. Chifupikitseni kapena kuchitalikitsa mpaka wokwera azidutsa pomwe funde lili losalala, thovu lisanayambe.

Kusewera moyandikira boti, kumene amati wakesurf, musayese n'komwe ndi injini yokoloweka kumbuyo: pulopela ili poyera, munthu akagwera kutsogolo imamutema. Wokwera avale jekete yoyandamitsa, m'boti mukhale munthu wina woyang'ana kumbuyo nthawi zonse, ndipo zimitsani injini pomukweza. Mukaona bwato la asodzi, chepetsani liwiro muli patali. Funde lomwe mwakulitsalo likhoza kuligubuduza.