Soda wa therere sangakusiyitseni fodya

Kuno ku Kasungu fodya ndi wathu. Timalima, kusoka, kudinda mabelo n'kukagulitsa ku Chinkhoma. Koma ena masamba otsala m'chigafa timapichira chingambwe, ndipo chikamukola munthu sichimutaya msanga. Tsiku lina titamaliza msonkhano kwa Santhe, bambo wina anandikokera pambali. "Alangizi, akuti kumwa madzi a soda kumathetsa chibaba cha fodya. N'zoona?"

Mphekeserayi ili ndi pochokera. Chimene chimakola munthu mu fodya ndi nikotini. Ina imatuluka kudzera mu impso, ndipo mkodzo ukakhala ndi asidi wambiri imatuluka mofulumira. Ikachepa m'magazi, dzanja limayamba kupapasa machesi m'thumba. M'zaka za m'ma 1970, Stanley Schachter wa ku Columbia University ku America anapeza kuti osuta amene anapatsidwa zowonjezera asidi mumkodzo ankasuta ndudu zochulukirapo. Soda amachepetsa asidiyo, choncho nikotini imakhalitsako m'thupi.

Kukhalitsako kwake n'kochepa zedi. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi chiwindi, chomwe chimaphwanya magawo oposa 70 pa 100 a nikotini. Imene impso zimataya yosaphwanyika nthawi zambiri imangofika magawo 10 kapena kucheperapo. Pakangotha maola 2, pafupifupi theka imakhala yatha, kaya mwamwa soda kaya ayi. Kuli ngati kutseka kaboo ka mbewa pankhokwe pomwe mbuzi zikudya chimanga pakhomo.

Komanso soda ali ndi sodiyamu, yemwe ali mumchere uja. Amakweza BP, amalemetsa impso, amatupitsa mimba. Za chidulo ndiye musayerekeze n'komwe kumwa, chifukwa ukali wake sudziwika. Zisiyeni mumphika wa therere.

Ngati mukufuna kuchepetsa asidi mosaopsa, chulukitsani nkhwani, bonongwe, chisoso ndi zipatso. Nyama ndi nsomba zimawonjezera asidi, komabe sindikuti mutaye usipa, thupi likuufuna.

Pomwe ambiri amagwera ndi pamowa ndi pabawo, pamene mnzawo wakoleza ndudu n'kuwapatsira. Chibaba chimavuta kwambiri sabata yoyamba, kenako chimanka chizilala pakatha masabata 2 mpaka 4. Masiku amenewo pitani kutali ndi kachasu, ndipo m'thumba momwe munkakhala machesi muikemo mtedza wokazinga. Amene mwapeza chingamu cha nikotini ku famase, musamwe khofi kapena zakumwa za m'botolo mphindi 15 musanatafune, chifukwa asidi wa m'kamwa amatchinga nikotiniyo kulowa m'magazi.