Purosesa yotentha pa kompyuta yatsopano: mmene ndinaikonzera

Nditamaliza kumanga kompyuta yanga ya purosesa ya Ryzen 5 5600X, HWiNFO (pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zipangizo za kompyuta) inkaonetsa kuti purosesa ili pa madigiri 68 ndisanatsegule pulogalamu ina iliyonse, fani ikulira osapuma. Ndinkaganiza kuti ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Lusaka, koma ngakhale usiku sizinkasintha. Kutsegula mbali ya kesi ndi kukweza liwiro la fani mu BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yosinthira makonzedwe a kompyuta) sikunathandize kwenikweni.

Yankho linapezeka nditachotsa cooler (chipangizo choziziritsa chokhala pamwamba pa purosesa). Musanaichotse, yatsani makina kwa mphindi zingapo kuti thermal paste (phala lodutsitsa kutentha lopakidwa pakati pa purosesa ndi cooler) ifewe, kenako muzimitse ndipo muzipotokola cooler pang'onopang'ono. Pa AM4 (soketi imene purosesa iyi imakhalamo) mukangoikoka, purosesa imatha kuzuka nayo limodzi, mapini n'kupindika.

Mukaichotsa yang'anitsitsani mmene paste yafalikira, chifukwa ndi imene imaulula vuto. Kwa ine inali itaphwatalala mbali imodzi yokha, mbali inayo ili yochindikala, kusonyeza kuti cooler inakhala mopendekeka ndipo sinkakhudza purosesa yonse. Mpata wochepa chabe wa mpweya umalepheretsa kutentha kudutsa.

Ndinapukuta pamwamba pa purosesa ndi pansi pa cooler pogwiritsa ntchito isopropyl alcohol ndi kansalu kosathothoka, n'kuika paste yatsopano pakati, yaikulu ngati kanjere ka nandolo. Masikuluwu anayi ndinawamanga mopingasa ngati X, lililonse pang'ono pang'ono mosinthana, mpaka onse atafika pothera. Onetsetsaninso kuti waya wa fani uli pa CPU_FAN, polumikizira fani ya purosesa pa motherboard.

Paste ya Arctic MX-4 ndinagula m'tauni pa K180. Tsopano purosesa ikangokhala osagwira ntchito imasewera pa madigiri 40 mpaka 45, ndipo fani yakhala chete.