Mmene mungadziwire ngati kiliniki yanu ya ma ARV ikuyenda bwino

Anzanga ogwira ntchito ku ART (kiliniki ya ma ARV) kuno ku Zomba, kaya muli mtauni kaya cha ku Chilwa uko, tisamadikire kuti a unduna abwere pa kotala ndiye tidziwe pomwe zikuvuta. Sizifuna kompyuta izi, bolopeni ndi pepala basi.

Lachisanu masana anthu akachepa, tapani ma master card (makhadi a odwala omwe timasunga pa kiliniki) 20 osasankha. Pa khadi lililonse onani ngati munthuyo anatengedwa magazi a viral load (oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) nthawi yake itakwana, kenako ngati zotsatira zinabwera n'kulembedwa pakhadipo. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa magazi timatenga ndithu, a njinga yamoto amanyamula masampulo, koma pepala likabwera limangokhala mufayilo mwini wake osauzidwa. Ine ndinapezapo khadi la mayi wina zotsatira zitadutsa 1000, miyezi ikungopita osaitanidwa, iwo akungobwera kudzatenga mankhwala n'kumapita, zinandiwawa kwambiri. Viral load ikafika 1000 ndiye kuti yakwera, munthu ayitanidwe, mukhale naye pansi mumve chomwe chikumulepheretsa kumwa bwino, pakatha miyezi itatu ayezedwenso. Ndiye werengani, pa makhadi a viral load yokwera ndi angati omwe zonsezi zinachitikadi?

Kenako onani za anthu osabwera pa tsiku lawo. Timati munthu ndi difota pakatha miyezi iwiri mankhwala atamuthera, koma kudikira mpaka pamenepo n'kuchedwa, auzeni ma expert client (anzathu omwa ma ARV omwe amathandiza pa kiliniki) kapena a HSA (alangizi a zaumoyo) msanga akamuone mwachinsinsi. Enatu sanasiye, asodzi a ku Kachulu amayendayenda ndipo mwina akutengera kwina, imbani foni kaye musanalembe kuti anathawa.

Ma pink card, makhadi a ana obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV, musawaiwale chonde. Chiyambire Option B+ (ndondomeko yoyambitsa ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi HIV) mu 2011 amayi ambiri ali pa mankhwala, koma mwana amayenera kuyezedwa HIV pa masabata 6, miyezi 12 ndi miyezi 24, ndipo ya 24 ija ndi imene imatiphonya kawirikawiri mwana akangoyamba kuyenda.

Ku famase werengani mabotolo a TLD (mtundu wa ma ARV) ndi Bactrim ndi manja, mufananize ndi stock card (khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka), muonenso madeti otha ntchito.

Zomwe mwapeza lembani manambala okha opanda dzina la munthu, mumate pakhoma, mukambirane Lolemba m'mawa kuti wakonza chakuti ndi ndani. Mwezi wamawa mutapenso makhadi ena 20.