Mabuku aulere pa foni: kowapeza ndi kowasunga kuno ku chigwa cha Shire

Buku la pepala kuno lili ndi adani ake odziwika: chiswe, chinyezi ndi madzi osefukira ngati aja a namondwe Freddy mu 2023. Buku la pa foni silinyowa, koma limavutitsidwa ndi bandulo yotha msanga, netiweki yoduladula ndi batire. N'chifukwa chake zonse zili m'munsimu zikutsamira pa mfundo imodzi: buku mulitsitse kamodzi, likhale m'foni, muziwerenga data itazimitsidwa.

Yambani ndi bandulo. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha, kaya ndi ya Airtel kapena TNM, sitsegula masamba a pa intaneti opezekapo mabuku. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse, ndipo musanayambe zimitsani kuti mapulogalamu asamadzikonze okha pa Play Store, apo ayi ma MB athera komweko buku lisanafike. Amene muli kufupi ndi malire, monga ku Marka, yang'anani dzina la netiweki pamwamba pa foni, chifukwa nthawi zina imakoka ya ku Mozambique.

Kenako ikani pulogalamu yowerengera. ReadEra ndi yaulere ndipo imatsegula mitundu iwiri ya mafayilo a mabuku, EPUB ndi PDF yomwe. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi n'kumene kumapulumutsa ndalama. EPUB ndi mawu enieni, amene amadzikonza molingana ndi kukula kwa foni, ndipo zilembo mutha kuzikulitsa. Buku la nthano lopanda zithunzi nthawi zambiri silifika ngakhale 1 MB. PDF ndi tsamba lokhazikika, ndipo ngati ndi buku lakale lojambulidwa tsamba ndi tsamba, limatha kukhala ma MB 30, 50 kapena kuposa, komanso pa foni yaing'ono mumangokhalira kukoka tsamba uku ndi uku. Ngati buku lilipo m'mitundu yonse iwiri, tengani EPUB. PDF isankheni pokhapokha ngati bukulo lili ndi masamu, matebulo kapena mapu, chifukwa zimenezi mu EPUB zimasokonekera.

Malo osavuta kuyambira ndi gutenberg.org. Project Gutenberg inayambitsidwa ndi Michael Hart mu 1971 ndipo ili ndi mabuku oposa 70,000. Safunsa akaunti, safunsa nambala ya foni. Lembani dzina la wolemba m'bokosi lofufuzira, dinani bukulo, ndipo pa mndandanda wa mafayilo sankhani EPUB yolembedwa kuti "no images". Dziwani kuti mabuku ake ndi akale, amene umwini wa olemba unatha, ndipo ambiri ndi a Chingerezi. Kwa wofuna kunola Chingerezi kapena wokonda mbiri ndi nkhokwe, koma za ulimi wamakono kapena mankhwala musazifune kumeneko.

Internet Archive, pa archive.org, ndi yaikulu kwambiri komanso yosokoneza. Mabuku ake ali pawiri. Ena mumatsitsa n'kukhala anu, ndipo mafayilo ake amaoneka pansi pa mawu oti "Download options". Ena ndi obwereka: mumatsegula akaunti yaulere ndi imelo, n'kuwerenga kwa ola limodzi, ndipo mumawonjezera nthawi ngati palibe wina akulidikira. Kubwerekaku kumafuna netiweki yokhazikika, choncho kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Chapananga si njira yodalirika. Chenjezo lina: EPUB ya pa Archive kawirikawiri imapangidwa ndi makina owerenga zithunzi, ndipo mawu a Chimang'anja kapena Chisena amatuluka ophwanyikaphwanyika. Kumeneku PDF ndiyo yabwino ngakhale ili yolemera.

Ofufuza mbiri ya kwathu kuno ambiri amalephera pa chifukwa chimodzi chokha, kalembedwe ka mayina. Mabuku akale sadziwa Nsanje, amadziwa Port Herald. Sadziwa Malawi, amadziwa Nyasaland kapena British Central Africa. Lembani "Chiromo", "Chibisa", "Shire river", ndipo Mang'anja muyesenso ngati "Manganja". Mukatero mupeza zolemba za ulendo wa David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, komanso mtanthauzira mawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892. Muziwerenga mukudziwa kuti analemba ndi alendo, ndipo anaona anthu athu ndi maso a nthawi yawo.

Za ana zili pa africanstorybook.org, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa. Ndi timabuku tazithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa. Posankha chinenero yang'anani Chichewa, kenako muyang'anenso Chinyanja, chifukwa mabuku ochokera ku Zambia amaikidwa pa dzina limenelo ndipo mwana wa ku Nchalo awamva bwinobwino. Ali ndi pulogalamu yawo yosungira mabuku m'foni, ndipo mphunzitsi atha kutsitsa PDF n'kukasindikiza popanda kuphwanya lamulo.

Ophunzira a sekondale ndi koleji ayese openstax.org, ya Rice University ya ku America, komwe kuli mabuku athunthu a Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi zachuma. PDF zake ndi zolemera, zina zimapitirira ma MB 100, ndiye tsitsani pamene pali Wi-Fi kapena usiku netiweki itapepuka. Tsamba la Siyavula la ku South Africa lili ndi mabuku a masamu ndi sayansi a msinkhu wa sekondale. Onsewa sanalembedwe motsata silabasi ya MSCE. Ikani silabasi pambali, muzitola mitu yokhayo imene ikugwirizana, osati kuyamba tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi ophunzira amene akulemba kafukufuku ali ndi njira zawo. Pa Google, lembani mutu wanu kenako muwonjezere filetype:pdf, ndipo kuti zotsatira zichokere malo amodzi odalirika wonjezerani site:fao.org. Mwachitsanzo, goat diseases filetype:pdf site:fao.org ikupatsani mabuku a matenda a mbuzi a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndipo mutha kusintha n'kuika cotton, sorghum kapena irrigation. Pa scholar.google.com, nkhani yaulere imakhala ndi chizindikiro cha PDF pambali pake, ndipo ngati palibe dinani "All versions", mwina yunivesite ina inaiika poyera. African Journals Online, pa ajol.info, ili ndi magazini a kafukufuku a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti zili pa malawilii.org, zothandiza kwambiri pa nkhani za malo. Palinso Research4Life, imene imatsegulira mayiko ngati Malawi magazini odula kwaulere, koma munthu payekha salembetsa. Amalembetsa ndi koleji, chipatala kapena ofesi ya boma, ndiye funsani woyang'anira laibulale kuntchito kwanu.

Sukulu kapena gulu la achinyamata lomwe lili kutali ndi netiweki liganizire za Kiwix. Ndi pulogalamu yosunga Wikipedia m'foni kapena pa kompyuta kuti iziwerengedwa popanda intaneti. Yathunthu ya Chingerezi ndi ma GB ambirimbiri, choncho sankhani chigawo chimodzi, monga cha zamankhwala, ndipo mutenge chopanda zithunzi. Munthu mmodzi akatsitsa ku Blantyre kapena pa boma, ena onse akopera.

Tsono misampha. Tsamba likakhala ndi mabatani atatu akuluakulu obiriwira olembedwa "Download", onsewo ndi malonda. Fayilo ikathera ndi .apk kapena .exe, si buku, ifufuteni musanaitsegule. Tsamba likakufunsani nambala ya foni kuti mulandire buku, likufuna kukulembetsani ku zinthu zodula mayunitsi tsiku ndi tsiku, ndipo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba palibe laibulale imene imaifuna. Mabuku asukulu ojambulidwa amene amazungulira m'magulu a WhatsApp ndi nkhani ina: ali ndi eni ake, lamulo la umwini wa zolemba la 2016 limawateteza, ndipo kawirikawiri amakhala osowa masamba.

Dawunilodi ikaduka pakati, fayilo imaoneka ngati ilipo koma imakana kutseguka. Yerekezani kukula kwake ndi kumene kunalembedwa pa tsamba, ndipo ngati kukuchepa, yambiraninso. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukafika madigiri 40, musatsitse fayilo yaikulu foni ili pa chaji, chifukwa imatentha n'kuyamba kuchedwa kapena kuzima.

Mabuku akafika, asintheni mayina, chifukwa fayilo yotchedwa pg1234 mudzaiiwala pakatha sabata. Asamutsireni pa memore khadi mu foda imodzi, ndipo ofunika kwambiri muwaikenso pa Google Drive, imene imapereka ma GB 15 aulere pa akaunti iliyonse ya Gmail. Pogawana ndi anzanu gwiritsani ntchito Bluetooth kapena Quick Share, zomwe sizidya data. Nyengo ya mvula ikayandikira, koperani foda yonseyo pa khadi yachiwiri n'kuisunga m'kapepala kapulasitiki pamodzi ndi chitupa cha unzika ndi mabuku a kuchipatala.