Momwe mungakulitsire luso loganiza zatsopano kuntchito ndi pakhomo

Anthu ambiri amangoti "aaa ine mutu wanga si wa zimenezo", ngati kuti luso lobwera ndi nzeru zatsopano munthu amachita kubadwa nalo basi. Ine izi zimandimvetsa chisoni, chifukwa maganizo abwino amafikira aliyense, vuto ndi loti amathawa tisanawagwire kapena timawapha tokha akadali akhanda.

Choyamba, pezani polemba. Kaya ndi kakope kamthumba, kaya mufoni momwemo, bola kakhale pafupi nthawi zonse. Ndipo musamadikire ganizo lalikulu ayi, muzilemba tinthu tomwe timakutopetsani: fomu yomwe makasitomala amalakwitsa tsiku ndi tsiku, miting'i yomwe imatha maola awiri popanda chomwe mwagwirizana, makiyi omwe mumasakasaka mmawa uliwonse. Mu 1941 injiniya wina wa ku Switzerland, George de Mestral, atabwera kokayenda ndi galu wake anapeza timbewu taminga titamatirira pa zovala zake ndi paubweya wa galuyo. Enafe tikanangothothola nkutaya, koma iye anatiyang'ana pa maikulosikopu nkuona kuti tili ndi tingowe ting'onoting'ono, ndiye Velcro ija imamata nsapato ndi zikwama inachokera pamenepo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri timagwera, musamaweruze ganizo nthawi yomweyo lomwe labwera. Kubala maganizo ndi ntchito ina, kusankha abwino ndi ntchito inanso, mukaphatikiza ziwirizi mutu umauma. Tengani vuto limodzi mukope muja, dzipatseni mphindi 10, lembani njira 15 zolithetsera, ngakhale zooneka zopusa. Zoyambirira zimakhala zomwe aliyense angaganize, zachilendo zimatulukira chakumapeto mukayamba kuvutika. Kusankha mudzachite mawa. Ndipo zotsalazo musafufute. Mu 1968 Spencer Silver wa kukampani ya 3M anapanga guluu wosamata kwenikweni, kwa zaka angapo palibe yemwe ankadziwa chochita naye, mpaka mnzake Art Fry yemwe ankaimba kwaya anatopa ndi timapepala tomwe tinkagwa mubuku lake la nyimbo, nkukumbukira guluu uja. Apa ndi pomwe panachokera ma Post-it, timapepala tolembapo tomwe munthu amatha kumata nkumatula mosavuta, ndipo anafalikira pamsika mu 1980.

Chachitatu, mutu ukaima, nyamukani. Kafukufuku wa ku Stanford University wa 2014 anapeza kuti anthu amatulutsa maganizo ochuluka akamayenda kusiyana ndi akakhala pampando. Koma poyendapo foni ikhale mthumba chonde, chifukwa mukangopeza kampata nkuthamangira pa WhatsApp kapena TikTok ubongo sukupeza nthawi yolumikiza zomwe waona ndi zomwe wamva, umangomeza za ena.

Chachinayi, funsani munthu yemwe sagwira ntchito ngati yanuyo. Mwana, agogo, mnzanu wa ntchito ina. Mafunso awo a "nanga bwanji mumapanga chonchi?" ndi omwe inu munasiya kudzifunsa kalekale.

Kenako yesani, koma pang'ono. Musapite kwa abwana ndi pulani yosintha ofesi yonse, akana basi, ndipo mwina ali ndi chifukwa. Apempheni sabata imodzi yoti muyese pa tebulo lanu lokha, lembani momwe zinthu zinalili musanayambe ndi momwe zakhalira, kuti pokawauza mukhale ndi choonetsa. Ngati inuyo ndinu abwanawo, musamaseke ganizo la wantchito pagulu, mukatero ulendo wina onse angokhala duu mumiting'i.

Loweruka kapena tsiku lina lomwe muli ndi mpata, tsegulani kope lija muwerenge zonse za sabatayo, chongani chimodzi chokha choti mukayese Lolemba.