Kukonza mapesi a chimanga asanapangidwe ethanol

Mwafunsa mmene mungakonzere mapesi kuti yisiti ithe kuwasandutsa ethanol. Chotchinga ndi lignin, chinthu cholimba cha m'mapesi chomwe chimakuta cellulose (ulusi wa m'mapesi womwe umasanduka shuga) ngati khungwa, shuga yemwe yisiti imafuna n'kulephera kutuluka.

Yambani mwaumitsa mapesiwo, muwagaye akhale tizidutswa ta mamilimita 2. Kenako aviikeni m'madzi a soda waukali wotchedwa sodium hydroxide wa 2 peresenti, muwaphike mumphika wa presha pa madigiri Celsius 121 kwa ola limodzi. Madzi akada bii, lignin yasungunuka. Valani magolovesi, sodayu amawotcha khungu.

Tsukani mapesiwo mobwerezabwereza. Apa musachite ulesi ayi, chifukwa soda wotsalira amafooketsa ma enzyme, mankhwala achilengedwe omwe amaphwanya cellulose kukhala shuga. Tsitsani pH (muyezo wa kuchuluka kwa asidi kapena soda) ifike pa 5, thirani enzyme yotchedwa cellulase, musunge pa madigiri 50 kwa masiku atatu. Zikazizira kufika pa madigiri 30, ikani yisiti.