Kukweza bakkie yoyenda m'misewu yoipa: kasankhidwe ka masipuling'i ndi kamangidwe kake

Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg amene afika pogula bakkie, kutanthauza pikiapu monga Hilux, Ranger kapena D-Max, sagulira kuyenda mu M1 ndi N3 mokha. Mkati mwa chaka galimotoyo imanyamula matailosi, simenti ndi zipangizo za ntchito, ndipo ikafika Disembala imasenza katundu wa banja lonse kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, kenaka n'kusiya tala kulowa msewu wa kumudzi umene mvula yaukumba ngalande. Pa ulendo wotere ndi pamene mwini wake amaona kumbuyo kwa galimoto kutakhala pansi, nyali zikuunika m'mitengo, ndipo amayamba kufunsa za lift kit, imene ndi masipuling'i, mashoko, mabushi ndi mabawuti ogulitsidwa pamodzi kuti galimoto ikwere m'mwamba pang'ono.

Funso limene anthu amayamba nalo m'sitolo ndi lakuti galimoto ikwera mamilimita angati, koma loyenera kuyamba nalo ndi lakuti galimotoyo imanyamula makilogalamu angati tsiku ndi tsiku. Msinkhu umabwera chifukwa cha sipuling'i imene yagwirizana ndi kulemera kumene kuli pamwamba pake, choncho sipuling'i imodzimodziyo ikhoza kukweza galimoto ina ndi mamilimita 30 pamene ina yaikweza ndi 70.

Musanagule chilichonse, pitani pa sikelo yopimira magalimoto, monga zimene zimapezeka kumalo ogula zitsulo zakale, mupime matayala akutsogolo paokha, akumbuyo paokha, kenaka galimoto yonse. Pimani ili mmene imakhalira masiku onse, thanki itadzaza mafuta, kanope ndi bokosi la zipangizo zili pomwepo, ndipo ngati n'kotheka mudzaipimenso itapakira katundu wa ulendo. Manambala amenewa muwayerekeze ndi amene alembedwa pa kachitsulo ka fakitale kamene kamakhala pachitseko kapena mu bonati, komwe kamasonyeza GVM, kulemera kotsiriza kumene galimotoyo imaloledwa kufika pamodzi ndi anthu, mafuta ndi katundu. Apa pafunika kunena mosabisa kuti lift kit siisintha nambala imeneyi. Masipuling'i olimba amachititsa galimoto kuima mowongoka ikalemedwa, koma mabuleki, mabering'i, ekisero ndi tchesisi zimakhala zomwe zija, ndipo wapolisi wa pamsewu kapena kampani ya inshuwalansi imayang'ana GVM yolembedwa, osati maonekedwe a galimoto. Amene katundu wake amaposa malire amenewa akufunika thelela.

Makampani odziwika monga Old Man Emu, Ironman 4x4, Tough Dog, EFS ndi Dobinsons, onse ochokera ku Australia ndipo katundu wawo amapezeka ku Gauteng, amagawa masipuling'i akumbuyo potengera katundu wokhazikika: ena ndi a galimoto yoyenda yopanda kanthu kapena yonyamula pang'ono, ena ndi a katundu wa makilogalamu 300 kapena kuposerapo amene satsika m'galimoto chaka chonse. Liwu lakuti wokhazikika ndi limene anthu amalidumpha. Munthu amene amalemetsa galimoto kamodzi pachaka, akagula masipuling'i a katundu wolemera kwambiri, amakhala miyezi khumi ndi umodzi akudumphadumpha pa bampu iliyonse ya ku Turffontein, ndipo choopsa koposa n'chakuti matayala akumbuyo sagwira bwino pansi, kotero kuti pa msewu wonyowa kapena wa miyala galimoto imachedwa kuima ndiponso imatembenuka msanga. Kwa munthu wotere masipuling'i apakatikati ndi okwanira, ndipo ena amawonjezerapo matumba a mpweya othandizira kumbuyo, ngakhale amenewa ayenera kupopedwa mosapitirira muyeso chifukwa amaika kulemera pamalo amodzi a tchesisi. Kutsogolo nkhani yake ndi yofanana: bampala yachitsulo, winchi ndi batire yachiwiri zimafuna sipuling'i yolimbirako, pamene galimoto yopanda zimenezi imafuna yofewa.

Tsono za msinkhu. Hilux yopangidwa kuyambira 2005, Fortuner, Ranger ndi D-Max zamakono zili ndi miyendo yakutsogolo yoyenda payokhapayokha, ndipo sipuling'i yozungulira imavala shoko pakati pake. Pa magalimoto amenewa mamilimita 40 mpaka 50 ndiwo muyeso wanzeru. Chifukwa chake n'chakuti mwendo uli ndi mtunda wochepa umene ungayende kukwera ndi kutsika, ndipo mamilimita aliwonse amene mwakweza galimoto mwawachotsa pa mtunda umene tayala likanatsikira likakumana ndi dzenje. Mukapitirira, tayala limalendewera m'malere pa kadzenje kakang'ono, shoko imagunda kumapeto kwake, ma CV joint (mfundo za mashafuti ozunguza matayala akutsogolo) amagwira ntchito atapindika kwambiri ndipo mphira zake zimang'ambika msanga. Amene akufunitsitsa kupitirira mamilimita 50 ayenera kuwerengeranso mtengo wa ma control arm (mikono yogwira wilo ku tchesisi) apamwamba atsopano ndi zotsitsira difu (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala awiri) yakutsogolo, ndipo kwa galimoto ya ntchito ndi ya ulendo wa kumudzi ine sindiona phindu lake. Land Cruiser 79 ndi Suzuki Jimny zili ndi ekisero imodzi yolimba yolumikiza matayala awiri akutsogolo, choncho zimalola kukwezedwa mosavuta, koma nazonso zimafuna kubwezeretsa caster (kapendekedwe ka mwendo kothandiza chiwongolero kubwerera pakati) ndiponso kusintha Panhard rod (ndodo yopingasa yolumikiza ekisero ku tchesisi) kuti ekisero isakokedwere mbali imodzi. Hilux 4x4 ya zaka za 1998 mpaka 2005 ndi Isuzu KB zakale zili ndi torsion bar (ndodo yachitsulo yopotoka yogwira ntchito ya sipuling'i), imene amakaniko ena amangoimangitsa bawuti yake kuti kutsogolo kukwere. Njira imeneyi siidya ndalama, koma malire ake ndi omwe aja a mtunda wa mwendo.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sakonda kuchitchula. Kukweza masipuling'i kumakweza tchesisi, mabampala ndi mimba ya galimoto, koma difu yakumbuyo imatsala pomwe inali, chifukwa imakhala pakati pa matayala. Pa msewu wa ngalande ziwiri wokhala ndi chitunda pakati, chimene chimagunda pansi kawirikawiri ndi difuyo, ndipo imakwera pokhapokha tayala likakula. Tayala la 265/65 R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, la 265/70 R17 ndi 803, kotero kusinthaku kumakweza difu ndi mamilimita 13 okha, komanso kumachititsa kuti liwiro lenileni likhale loposa lakale ndi 3 peresenti pa nambala yomweyo ya sipidomita, zimene makamera a JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg, sangakukhululukireni.

Mashoko agulidwe pamodzi ndi masipuling'i, a kampani imodzi, chifukwa kutalika ndi mphamvu zake zinayesedwa limodzi. Pa msewu wa timabampu tondondozana, monga mbali zina za msewu wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika, shoko imatentha, mafuta ake amachita thovu n'kutha mphamvu, choncho shoko yonenepa yokhala ndi mafuta ambiri ndi imene imapirira. Zija zokhala ndi kabotolo kapadera n'zabwino, koma mtengo wake umayenera anthu othamanga m'chipululu. Ma spacer otsika mtengo oikidwa pamwamba pa shoko amakweza galimoto kuti ioneke bwino, koma sawonjezera mphamvu yonyamula ngakhale pang'ono.

Musanamasule bawuti yoyamba, imbirani a inshuwalansi muwauze zimene mukufuna kuchita, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Ngati galimoto idakali pa waranti, funsaninso kumene munaigula. Malangizo a Competition Commission (bungwe la boma la South Africa loona za mpikisano pa malonda) amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2021 amalola eni magalimoto kukakonzetsa ku magalaja oima paokha, koma wopanga galimoto akhoza kukana kulipira chiwalo chimene chawonongeka chifukwa cha zinthu zimene munaikamo nokha. Galaja imene ili membala wa RMI, bungwe la amalonda a zamagalimoto ku South Africa, imakupatsani poyambira pakabuka mkangano.

Amene ali ndi luso ndi zida akhoza kugwira ntchitoyi yekha, bola akhale ndi malo a simenti osapendekera, jeke yamphamvu, ma stand anayi achitsulo ndi sipanala yoyezera mphamvu ya kumanga. Njerwa ndi zitsa sizilowa m'malo mwa ma stand, ndipo munthu salowa pansi pa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha. Yambani ndi kuyeza ngodya zonse zinayi kuchokera pakati pa wilo mpaka m'mphepete mwa madigadi, galimoto ili pansi, ndipo mulembe manambalawo papepala. Kuyeza kuchokera pansi kumanamiza chifukwa mpweya wa m'matayala umasiyana. Usiku woti mawa mugwira ntchito, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa mabawuti onse; galimoto imene yakulira ku Highveld, dera lokwera kumene kuli Johannesburg, imamasuka bwino, koma imene inachokera ku Durban kapena ku Cape Town, kumene mphepo ya kunyanja imabweretsa dzimbiri, ikhoza kukudyerani tsiku lonse pa bawuti imodzi imene yamatirira mkati mwa bushi.

Kumbuyo, kumene bakkie zambiri zili ndi masipuling'i a zitsulo zophwatalala zosanjikizana, n'kosavutirapo. Tchesisi ikakhala pa ma stand, jeke ichirikize ekisero, ndipo mugwire mbali imodzi kaye kuti ekiseroyo isasunthe komanso mbali inayo ikhale chitsanzo chanu. Chotsani shoko, masulani ma U-bolt (mabawuti opindika ngati U omangirira sipuling'i ku ekisero), kenaka tsitsani ekisero pang'onopang'ono maso ali pa paipi ya mabuleki, waya wa ABS ndi chingwe cha handibuleki, chifukwa zimenezi zimakokeka mosaonekera. Sipuling'i yatsopano ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo nthawi zina ya kumanja imasiyana ndi ya kumanzere pofuna kugwirizana ndi kulemera kwa thanki ndi dalaivala, choncho werengani zolembedwa pa sipuling'iyo. Mutu wa bawuti yapakati uyenera kukhala bwinobwino m'dzenje lake pa ekisero. Ukakhala pambali, galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Ma U-bolt akale atayidwe chifukwa anatanuka kale, ndipo atsopano amangidwe mosinthanasintha, nati iyi pang'ono, ya moyang'anana nayo pang'ono. Mabushi a polyurethane amapakidwa girizi imene yabwera nawo, pamene a mphira safuna girizi wamba chifukwa imawadya.

Kutsogolo ndi kumene kuli ngozi yeniyeni. Sipuling'i yozungulira imakhala yofinyidwa ndi mphamvu ya makilogalamu mazanamazana, ndipo chimene chaigwira ndi nati imodzi ya pakati pamwamba pa shoko. Nati imeneyo isakhudzidwe. Masulani manati oizungulira amene amagwira shoko ku tchesisi ndi bawuti yapansi, mutulutse zonse zili pamodzi, kenaka mupite nazo ku galaja yokhala ndi makina ofinyira omangidwa kukhoma kapena pansi, kapena mugule zatsopano zitalumikizidwa kale. Tizida ting'onoting'ono tofinyira masipuling'i a magalimoto aang'ono timapindika kapena kuterereka pa sipuling'i ya bakkie, ndipo anthu athyoka zala ndi nsagwada pa ntchito imeneyi. Kuti shoko ituluke pamafunika kumasula ndodo ya stabilizer (yochepetsa kupendekera pokhota), ndipo kawirikawiri ball joint yapamwamba (mfundo yolumikiza mkono wapamwamba ku habu). Mukatero mangani habu ndi chingwe kuti isagwere kunja, chifukwa ikagwa imasolola shafuti mu CV joint yamkati. Ngati mwakhudza mabawuti a cam a mkono wapansi (ochunira alayimenti), alembeni chizindikiro ndi penti musanawamasule.

Lamulo limene amakaniko othamanga amaliphwanya ndi ili: bawuti iliyonse yodutsa mu bushi ya mphira imangogwiritsidwa pang'ono galimoto ili m'mwamba, ndipo imamangidwa komaliza matayala atagunda pansi, galimoto itagwedezedwa ndi kukankhidwa pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Bushi yomangidwa mwendo uli lende imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika m'miyezi yochepa. Mphamvu ya kumanga itengedwe m'buku la galimoto kapena papepala la wopanga, osati pa mphamvu ya mkono.

Zotsalira ndi zing'onozing'ono koma sizidumphidwa. Bakkie zakale zopanda ABS zili ndi valavu kumbuyo imene imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo ikaona kuti galimoto ilibe katundu. Mukakweza osatalikitsa kachitsulo kake, valavuyo imaona ngati galimoto ndi yopanda kanthu ngakhale itapakira, ndipo mabuleki akumbuyo amafooka. Pa zamakono pali kachipangizo koyeza msinkhu kothandiza nyali, ndiponso radar ndi kamera zothandiza kuyendetsa, zimene zingafunike kukonzedwanso pa kompyuta. Galimoto ikamanjenjemera ponyamuka, kawirikawiri vuto ndi kapendekedwe ka propshaft (shafuti yopereka mphamvu ku difu yakumbuyo), ndipo kachitsulo kotsitsira bering'i yapakati kamathetsa zimenezi. Alayimenti ichitike tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo mupemphe pepala losonyeza manambala a caster, camber ndi toe, omwe amasonyeza mmene matayala aimira. Caster ikachepa, chiwongolero chimapepuka ndipo galimoto imayendayenda pa liwiro la makilomita 120 pa ola. Nyali ziwongoledwenso, popeza kumbuyo ndi kutsogolo sikukwera mofanana. Yezaninso ngodya zinayi zija, ndiponso msinkhu wa galimoto yonse pamodzi ndi kariyala ya padenga, chifukwa malo oimikapo magalimoto apansi pa nyumba ku Sandton ndi ku Rosebank ali ndi malire olembedwa pakhomo.

Ntchito yonseyi ichitike mwezi umodzi kapena iwiri ulendo wautali usanafike. Masipuling'i atsopano amakhazikika akayenda, ndipo ma U-bolt amafunika kumangidwanso pakatha makilomita 500 mpaka 1,000, zimene sizingatheke bwino muli pamzere wa ku Beitbridge. M'masabata amenewa pakirani katundu wofanana ndi wa ulendo, muyende pa msewu waukulu, muyese mabuleki pamalo opanda anthu, ndipo muzolowere kuti galimoto yokwezedwa imapendekera kwambiri pokhota, makamaka padenga pakakhala zikwama. Njira za 4x4 za ku Hennops kapena ku De Wildt, zimene sizili kutali ndi Johannesburg, zimapinda miyendo ya galimoto mpaka kumapeto kwake, ndipo mukabwerako lowani pansi ndi tochi muone ngati tayala lakhula madigadi, ngati paipi ya mabuleki yakokeka, ndiponso ngati mphira za ma CV joint zayamba kumwaza girizi.